Phunziro la Chitukuko: Madzi a Pansi pa Nthaka M'boma la Phalombe, Kuchokera ku Michesi Kukafika ku Chilwa

Pali funso limene limabwerabwera pa misonkhano ya makomiti a chitukuko m'madera athu. Zimatheka bwanji kuti mijigo iwiri yoyandikana, yokumbidwa chaka chimodzi, wina n'kumatulutsa madzi okoma pamene wina ukutulutsa madzi a mchere, osathetsa ludzu ndiponso osachita thovu pochapa? Ena amaloza chala okumba, ena amati malowo ali ndi tsoka. Koma nthawi zambiri yankho limakhala pansi pa mapazi athu, m'miyala ndi m'dothi limene madziwo adutsamo asanafike m'ndowa.

Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mjigo umodzi umadya ndalama zambiri, ndipo mudzi ukapatsidwa mjigo kenaka n'kuusiya chifukwa cha mchere, pamapita zaka usanaganiziridwenso. Amayi ndi atsikana amabwerera kumtsinje, ndipo matenda otsekula m'mimba amabwerera m'nyumba. Pa kalembera wa chaka cha 2018, boma lathu linapezeka ndi anthu oposa 429,000, ndipo ambiri mwa iwo amadalira mijigo, zitsime ndi mipopi ya madzi ochokera kumapiri. Phunziroli lakonzedwa pofuna kuti aliyense wa m'wodi, kaya ndi mfumu, membala wa komiti kapena mayi wotunga madzi, azitha kufunsa mafunso oyenera galimoto yokumba mjigo isanalowe m'mudzi.

Kodi madzi a pansi pa nthaka amachokera kuti?

Ambiri timaganiza kuti pansi pali mitsinje ikuluikulu yoyenda m'mapanga. Kuno kwathu sizili choncho. Madzi a pansi ndi mvula yomweyi imene imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo. Mvula ikagwa, ina imathamangira m'makwawa, ina imauma ndi dzuwa kapena kumwedwa ndi zomera, ndipo yochepa yokha ndiyo imalowa pansi n'kukakhala m'timipata ta pakati pa mchenga, m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya matanthwe. Mukathira madzi m'beseni lodzaza mchenga, madziwo amasowa m'maso, koma mukaboola ndi chala amatulukira. Chitsime ndi mjigo zimagwira ntchito mofanana ndi chala chimenecho.

Madziwa amayenda, koma mwapang'onopang'ono kwambiri, kuchokera kumtunda kulowera kunsi. Mumchenga amayenda mofulumirirapo, pamene m'dongo amangotsala pang'ono kuima. Akakhala nthawi yaitali pamalo amodzi amasungunula mchere ndi zinthu zina za m'miyala, monga mmene madzi amatengera kukoma kwa masamba a tiyi akakhalitsa m'kapu. Mfundo imeneyi ndiyo gwero la phunziro lonseli: madzi amatenga khalidwe la nthaka imene akhalamo. Bungwe la United Nations linanena m'chaka cha 2022 kuti pafupifupi madzi onse opanda mchere amene sali oundana pa dziko lapansi, magawo 99 pa 100 alionse, ali pansi pa nthaka. Choncho chuma chimene tikukambachi n'chachikulu, ngakhale kuti sichioneka.

Boma lathu lili ngati mbale yopendekeka

Kumwera kwathu kuli phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi phiri la Michesi, lolekanitsidwa ndi Mulanje pa mpata wa Fort Lister. Kumpoto kuli nyanja ya Chilwa, yachiwiri kukula m'dziko muno. Pakati pake pali chigwa chachikulu chimene timalimamo chimanga, nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imachokera kumapiri n'kukathira m'nyanjayo, ndipo Sombani amayamba wadutsa pa thamanda la Mpoto. Madzi a pansi nawonso amatsata njira yomweyo, kuchokera kumapiri kulowera kunyanja. Pa ulendo umenewu amadutsa m'zigawo zitatu.

Chigawo choyamba ndi cha m'tsinde mwa mapiri. Mulanje ndi Michesi ndi matanthwe olimba a mitundu ya syenite ndi granite, amene anali miyala yosungunuka ndi kutentha pansi pa dziko zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kenaka n'kuzizira. Thanthwe lotere silisunga madzi pokhapokha pamene lang'ambika. N'chifukwa chake kumeneku mjigo wina umatha kupeza madzi ambiri pamene wina, wokumbidwa chapafupi pomwepo, n'kupezeka wouma: woyambawo walasa mng'alu, wachiwiriwo wauphonya. Madzi a kuno amakhala atsopano ndi opanda mchere wambiri, popeza sanayende mtunda wautali.

Chigawo chachiwiri ndi cha pakati pa chigwa. Pansi pake pali thanthwe lakalekale la mtundu wa gneiss, limene limapezeka m'madera ambiri a Malawi. Pamwamba pa thanthwelo pali miyala yofumbutuka, ndipo pamwamba pakenso pali dothi, mchenga ndi timiyala tokokoloka kuchokera kumapiri. Madzi ambiri amapezeka pamene miyala yofumbutuka yakumana ndi thanthwe lolimba. Mijigo yambiri ya m'midzi ya m'dziko muno, imene kuya kwake kumakhala mamita pakati pa 30 ndi 60, imatunga m'malo otere.

Chigawo chachitatu ndi cha kufupi ndi nyanja, kumene kuli makande ndi madambo. Kale kwambiri nyanja ya Chilwa inali yaikulu kuposa lero, ndipo inali yolumikizana ndi nyanja ya Chiuta mchenga usanatseke pakati pake. Malo ambiri amene lero ndi minda anali pansi pa madzi. Nyanja ija pobwerera inasiya dongo lochindikala, losakanikirana ndi timizere ta mchenga. M'chigawo chimenechi madzi amapezeka pafupi, koma vuto la mchere ndiye limakula.

Mchere umachokera kuti, popeza tili kutali ndi nyanja ya mchere?

M'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean, zitsime zimalowa mchere anthu akapopa madzi mopitirira muyeso, chifukwa madzi a m'nyanja amalowa m'malo mwa madzi abwino amene achotsedwa. Ife tili kutali ndi gombe limenelo, koma tili ndi vuto lofananako pa chifukwa china: nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire, koma Chilwa alibe khomo. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique, imabweretsa madzi okhala ndi timchere tochepa. Madziwo amachoka ngati nthunzi, koma mcherewo umatsala. Aliyense amene anaiwalapo mphika wa ndiwo pamoto amadziwa mmene msuzi umawawira mchere ukamaphwera.

Nyanjayi ndi yosaya, ndipo yaphwapo kangapo: mu 1968, mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Kuphwa ndi kudzaza kotereku kwachitika kwa zaka masauzande, ndipo mchere wakhala ukutsalira m'dongo lozungulira nyanjayo. Pamene madzi a pansi ali pafupi ndi pamwamba, dzuwa limawakoka n'kusiya mchere m'dothi. Ena mwa inu munaonapo zoyera ngati phulusa pamwamba pa makande m'mwezi wa Okutobala. Poti m'dongo madzi sayenda msanga, mvula imalephera kutsuka mcherewo.

Apa ndi pamene pali yankho la funso tinayamba nalo lija. Mjigo umene walasa mzere wa mchenga wolumikizana ndi mtsinje umalandira madzi atsopano chaka ndi chaka, ndipo umakoma. Umene walowa m'dongo losayenda madzi umatunga madzi okhalitsa, odzaza mchere. Tiphunzirepo zinthu ziwiri. Choyamba, kukumba mozama si nthawi zonse pamene kumabweretsa madzi abwino. Kufupi ndi nyanja madzi abwino amatha kuyandama pamwamba pa madzi a mchere, popeza a mcherewo ndi olemera. Chachiwiri, kupopa kwambiri ndi injini kapena mphamvu ya dzuwa pamalo otere kungakokere m'mwamba madzi a mchere, n'kuononga mjigo umene unali wabwino. Amene akukonza ulimi wamthirira wodalira mijigo ayenera kuyamba afunsa akatswiri a za madzi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati madzi amakoma bwino ngati mchere wonse wosungunukamo sukupitirira mamiligalamu 600 pa lita, ndipo amayamba kuvuta kumwa akapitirira mamiligalamu 1,000 pa lita. Pali kachipangizo kakang'ono koyezera mchere kamene kamapereka yankho nthawi yomweyo, moti n'zotheka kuyeza madzi pamene okumba akadali pamalopo.

Zimene lilime silingazindikire

Mchere uli ndi ubwino umodzi: umadziulula wokha. Pali zina zimene sizimveka pakamwa. Choyamba ndi fluoride. Boma lathu lili m'dera limene akatswiri a miyala amalidziwa pa dziko lonse chifukwa cha miyala yake yosowa. Phiri la Tundulu lili ndi miyala ya phosphate, yopangira feteleza, ndipo phiri la Songwe lili ndi miyala yamtengo wapatali imene kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza. Miyala ya mtundu umenewu, pamodzi ndi syenite ndi granite, imadziwika kuti imatha kutulutsa fluoride m'madzi. Fluoride wochepa amalimbitsa mano, koma akachuluka amadetsa mano a ana ndi mawanga ofiirira osachoka, ndipo akapitirira kwa zaka zambiri amaumitsa mafupa ndi mfundo za m'thupi. Muyeso wa WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita. Izi sizikutanthauza kuti mjigo uliwonse wa pafupi ndi mapiriwa ndi woipa ayi. Koma ngati ana ambiri omwa pa mjigo umodzi ali ndi mano a mawanga, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo kuti madziwo akayezedwe.

Chachiwiri ndi nitrate, amene amachokera ku zimbudzi, makola a ziweto ndi feteleza. Muyeso wa WHO ndi mamiligalamu 50 pa lita, ndipo amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi makanda osakwana miyezi 6 amene akupatsidwa madziwo. Chachitatu ndi chitsulo chosungunuka. Madzi amatuluka oyera, koma akakhala m'ndowa amasanduka ofiira ndipo amadetsa zovala ndi nsima. Chitsulo sichiopsa kwenikweni pa thanzi, koma chimathamangitsa anthu pa mjigo n'kuwabwezera kumadzi oopsa. Nthawi zina chimachokera m'nthaka, nthawi zina ndi dzimbiri la zitsulo za mjigo womwewo, zimene madzi a mchere amazidya msanga.

Mdani wamkulu koposa ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi, toyambitsa kolera, kamwazi ndi tayifodi. Muyeso wake ndi wosavuta kukumbukira: m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli ngakhale kamodzi. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malichi 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unali waukulu kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi. Dera la Chilwa limaidziwa bwino nthendayi; mu 2016 panachitika katemera wapadera wa asodzi okhala m'zimbowera pa nyanjayi.

Pano pali mfundo imene ambiri timasokoneza. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mchere, fluoride kapena nitrate. Kunena zoona, kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumachulukitsa zinthu zimenezi, chifukwa madzi amachepa koma izo zimatsala. Mankhwala a tizilombo ndi klorini ndi ukhondo. Mankhwala a mchere ndi fluoride ndi kupeza gwero lina la madzi akumwa.

Madzi osefukira ndi zitsime zathu

Anthu a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa za ukali wa madzi. Akuluakulu akukumbukira Napolo wa m'Malichi 1991, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Achinyamata aona namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy m'Malichi 2023. Madzi osefukira amagwetsa zimbudzi, n'kunyamula zonyansa kukazithira m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mijigo imene simenti yake inang'ambika. Mjigo umene unamizidwa usayesedwe wabwino chifukwa choti madzi ake ayera. Uyenera kupopedwa mpaka matope atatha, kuthiridwa klorini ndi odziwa ntchitoyo, ndipo pakadali pano banja lililonse lizithira klorini m'madzi akumwa monga mwa malangizo a alangizi a zaumoyo.

Pali chodabwitsa china: chaka cha madzi osefukira sichitanthauza kuti pansi padzaza madzi. Mvula yamkuntho yogwa pa phiri lopanda mitengo imathamanga osalowa pansi. Imene imadyetsa akasupe ndi zitsime ndi yogwa pa nthaka yokutidwa ndi mitengo, udzu ndi zinyalala za m'munda. Choncho wotentha makala m'phiri la Michesi akuphwetsa chitsime cha munthu wa kuchigwa amene sanamuonepo n'kale lonse. Mizere yopingasa, akalozera, udzu wa vetiva ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi ndi njira zosungira madzi pansi, osati zoteteza mbewu zokha.

Mipopi ya kumapiri ndi madzi a padenga

Makolo athu anapeza kale njira ina. Ntchito ya mipopi yoyenda yokha popanda injini inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika m'chigwa chathu chino. Anthu a m'midzi anakumba okha ngalande za mapaipi mwa ntchito yodzithandiza, kutenga madzi m'mitsinje ya kumapiri kukafikitsa kumidzi ya kutali. Kwa midzi imene pansi pake pali mchere, mipopi imeneyi ndi yofunika kuposa mjigo wina watsopano. Koma moyo wake wagona pa nkhalango za kumene madzi amatengedwa, pa kupereka ndalama ya mwezi ku mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, ndi pa kuleka kuboola mapaipi pofuna kuthirira madimba.

Madzi a padenga nawonso asanyozedwe. Milimita imodzi ya mvula yogwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, mvula itagwa mamilimita 800 pa chaka, lingalandire malita 40,000. Ngakhale theka lokha litasungidwa m'thanki yovindikira bwino, sukulu kapena banja lingapeze madzi opanda mchere kwa miyezi ingapo.

Zoyenera kuchita mjigo usanakumbidwe ndi utakumbidwa

Lamulo la za madzi la chaka cha 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limayang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi ndi kupereka zilolezo. Aliyense wofuna kukumba mjigo, kaya ndi bungwe, mpingo, wandale kapena munthu wakufuna kwabwino, ayenera kudzera ku ofesi ya za madzi ya khonsolo. Mphatso yodutsa kuseri imatha kusanduka chitsulo chongoima pabwalo.

Malo asasankhidwe potengera kuti ndi pafupi ndi nyumba ya yani. Ayezedwe ndi akatswiri, ndipo anthu a m'mudzi awauze zimene akudziwa: zitsime zakale zimene zinali za mchere, zimene sizinkaphwa, ndi pamene madzi osefukira amafika. Mjigo ukhale kumtunda kwa zimbudzi, makola, manda ndi maenje a zinyalala, pa mtunda wosachepera mamita 30, ndipo pa nthaka ya mchenga mtundawo uonjezereke. Chitsime chokumba ndi manja chikumbidwe kumapeto kwa chilimwe, pamene madzi atsikiratu. Paja akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Pa nthawi yokumba, komiti ikhalepo. Ifunse kuya kwa mjigo, pamene madzi apezeka, ndi ngati kukamwa kwa dzenjelo kwatsekedwa ndi simenti kuti madzi a pamwamba asalowe. Ionetsetse kuti mjigowo wapopedwa kwa maola angapo poyesa mphamvu yake, ndiponso kuti madzi atengedwa kukayezedwa. Musalandire mjigo musanaone zotsatira zake, ndipo pepala lake lisungidwe m'buku la komiti.

Tikumbukirenso kuti mjigo uli ndi malire. Muyeso umene boma limagwiritsa ntchito ndi wa anthu 250 pa mjigo umodzi. Aliyense akatunga ndowa imodzi ya malita 20 pa tsiku, ndiye kuti ndi malita 5,000. Ngati ndowa iliyonse itenga mphindi ziwiri, mjigowo ugwira ntchito maola oposa 8. Anthu akafika 500, maolawo amapitirira 16, ndipo n'chifukwa chake mizere imayamba usiku ndipo timphira ta pampu ya Afridev timatha msanga. Komiti yanzeru imasunga ndalama ndi zipangizo zosinthira pampu isanaonongeke, imasamalira simenti ndi ngalande, ndipo imamanga mpanda woletsa ziweto.

Pali ntchito ina yosalira ndalama imene tikupempha komiti iliyonse kuti iyambe. Kamodzi pa mwezi, m'mawa, werengani nthawi imene ndowa ya malita 20 ikutenga kuti idzaze, lawani madziwo, yang'anani mtundu wake, ndipo lembani m'buku pamodzi ndi tsiku. Pakatha chaka mudzakhala ndi umboni woonetsa ngati madzi akuchepa kapena mchere ukukwera, ndipo khansala wanu adzakhala ndi chogwirika popita nacho kukhonsolo.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa VDC

Kodi mudzi wathu uli m'chigawo chiti mwa zitatu zija: m'tsinde mwa phiri, pakati pa chigwa, kapena kufupi ndi nyanja? Ndi mijigo ingati m'dera lathu imene inasiyidwa, ndipo inasiyidwa chifukwa cha mchere, dzimbiri, kuphwa kapena kuonongeka kwa pampu? Kodi madzi a mjigo wathu anayezedwa liti komaliza, ndipo pepala lake lili ndi yani? Kodi pali chimbudzi kapena khola lomangidwa posachedwa pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera pamene timatunga?

Mayankho a mafunso amenewa alembedwe ndi kuperekedwa ku ADC kudzera kwa khansala wa wodi yanu, kuti pamene khonsolo ikukonza ndondomeko ya mijigo ndi mipopi ya chaka chamawa, idziwe midzi yofunika mjigo watsopano, yofunika kukonzeredwa wakale, ndi imene yankho lake ndi mpopi wochokera kuphiri.